Za funso lako la njinga lija, msuweni

Eee, msuweni... ukundimva? Ndaona uthenga wako m'gulu muja. Ukuti pa mpikisano wa makilomita 160 uja njinga iyenera kukhala ya carbon kapena yako ya aluminium ingathe. Ndiyankha, dikira. Koma iwe ndimakudziwa. Munthu wongofuna kudziwa za chitsulo salemba uthenga pakati pa usiku, n'kuufufuta, n'kuulembanso m'mawa. Tonse tinaona, usakane, haha.

Njinga yakoyo ili bwino. Kusiyana kwake ndi ya carbon mwina ndi kilo imodzi kapena awiri, basi. Zofunika kuziona ndi chishalo ngati chili pa msinkhu wako, magiya opepuka a pa zitunda, ndi kabudula wa siponji uja, chifukwa pakatha maola anayi chimayamba kudandaula si miyendo ayi... ukudziwa chomwe ndikunena. Uphunzirenso kusintha chubu wekha, manja ali thukuta.

Koma ndikuuze za amalume. Chabwino, kwa iwe ndi bambo aang'ono. Unali wamng'ono nthawi imeneyo. Njinga yawo inali yachitsulo chenicheni, yolemera, ija inkakhala kuseri kwa chitseko azakhali n'kumaiwombera mfuu tsiku ndi tsiku. Ndiye anakalembetsa mpikisano wautali ngati wakowu. Pamipikisano yotere amakunyamutsani m'magulumagulu, othamanga kwambiri patsogolo, atsopano kumbuyo. Amalume anawaika gulu lomaliza, ndipo zinawawawa. Ukuwadziwa.

Atangowalola kunyamuka, anapalasa ngati mpikisano ukuthera pa kona. Ola loyamba anapitirira anthu ambirimbiri, wina aliyense akumupatsa moni. Madzi osamwa, chakudya m'thumba osachigwira, amati kudya n'kutaya nthawi. Atadutsa pang'ono theka la ulendo, pa chitunda chachitali, zinangozima. Osati kutopa kumene umakudziwa iweyo, ayi. Anandiuza okha kuti manja ankanjenjemera mpaka kulephera kutsegula botolo, dzuwa likuswa mtengo koma iwo akumva kuzizira, mzere woyera wa pa msewu akuuona pawiri. Anatsika n'kukhala m'mbali mwa msewu, njinga chigonere, tayala lakumbuyo likuzungulirabe lokha.

Ndipo anthu onse anawapatsa moni aja anayamba kudutsa. Mmodzimmodzi.

Amene anaima anali mayi wachikulire, wa imvi zotulukira pansi pa helimeti, amene amalume anawapitirira m'mawa osawayang'ana n'komwe. Anatulutsa zotsekemera m'thumba la kumsana, n'kuwadyetsa, n'kudikira kuti zilowe m'thupi. Kenako anawauza kuti akhale kumbuyo kwawo, asayang'ane chitunda, azingoyang'ana tayala lawo lakumbuyo. Amalume, amene sanamverepo munthu chibadwire... anamvera. Anatsatira tayala limenelo mpaka kumapeto.

Tsono kumbuyo kwawo kunali galimoto yotolera otsalira ija. Mipikisano yambiri yaitali imakhala ndi nthawi yotsekera, ukachedwa amakukweza pamodzi ndi njinga yako. Ku Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France, galimoto imeneyi anaiyambitsa mu 1910, ndipo ankaimangirira tsache lenileni, kusonyeza kuti ikusesa msewu. Amalume amati injini yake ankaimva pa chitunda chilichonse, koma sanacheuke. Analowa kutatsala mphindi zochepa kuti atseke. Mendulo yake ndi ija inatsala pang'ono kutayidwa nthawi yosamuka, agogo n'kukaitola okha. Amalume sanawafunse mayi aja ngakhale dzina, ndipo mpaka lero akamakamba nkhaniyi mawu amawathera pakhosi.

Pepa, ndatalikitsa. Ndimati chiyani... eya. Chimene chinawachitikiracho chili ndi chifukwa chake. Thupi limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi, koma ukamapalasa mwamphamvu amangokwanira ola limodzi ndi theka, mwina awiri. Akatha, watha, kaya njinga ndi ya mtundu wanji. N'chifukwa chake umayamba kudya ola loyamba lomwelo njala isanabwere, pang'onopang'ono, pafupifupi magalamu 60 a zopatsa mphamvu pa ola, ndi kumwa ludzu lisanakugwire. Ndipo zimene ukadye tsikulo uziyese kaye pa maulendo okonzekera, mimba isakadabwe pa msewu.

Chinanso ndi mphepo. Pa msewu wathyathyathya, mdani wamkulu ndi mpweya umene ukuung'ambawo. Ukakhala kumbuyo kwa mnzako pafupi, umasunga mphamvu mwina gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndiye zimene mayi aja anachita, anawang'ambira mphepo. Koma kuyenda m'gulu kumafuna kuzolowera: osagwira mabuleki mwadzidzidzi, osalowetsa tayala lako m'mbali mwa la mnzako, kuloza dzenje ndi dzanja kuti wakumbuyo aone. Usamale kwambiri m'makilomita oyambirira, anthu magazi akuwira, aliyense akulimbirana malo.

Tsono msuweni, tisazungulire. Iwe sukufunsa za njinga. Ukufunsa ngati ungamalize, chichitikireni za bondo zija, ndi msinkhu wafikawu. Ukuopa kuti akakukweza m'galimoto ija tonse tikuona. Ndikudziwa, chifukwa chaka chatha unanena kuti tayala, chaka chinacho unati ntchito. Mvera: ungamalize. Ndakuona ukupalasa, suthamanga koma susiya, ndipo pa mtunda wautali chofunika n'chimenecho. Bondo kalionetse kaye kwa dokotala, ameneyo akavomera, lembetsa.

Ndipo usaganize kuti kumakhala anyamata okhaokha. Ku France kuli mpikisano wa Paris-Brest-Paris, unayamba mu 1891, makilomita 1,200, amachita kamodzi pa zaka zinayi, ndipo ambiri amapatsidwa maola 90. Amene amadzadza msewu kumeneko ndi anthu wamba, aphunzitsi, manesi, azigogo, akugona pa mabenchi mphindi zochepa n'kudzukanso. Ku Cape Town Cycle Tour, makilomita 109, anthu masauzande ambiri amanyamuka, opambana ndi ochepa chabe, ena onse akulimbana ndi wotchi ndi miyendo yawo. Wakowu ndi chimodzimodzi. Palibe adzakufunse kuti unali nambala chani.

Ndiye ndikubwereza, chifukwa iwe umamva chinthu kachiwiri: njinga uli nayo, miyendo uli nayo. Ola loyamba uwasiye apite, ngakhale mtima ukuuze kuti ukutha kuwagwira. Upeze gulu la liwiro lako, udye, umwe, mpikisano wako uyambe pamene ena akutsika kukhala m'mbali mwa msewu. Ukamaliza.

Aaa, ndipo usawauze amalume kuti ndakamba za kunjenjemera kuja, iwo amangofotokoza mbali ya mendulo. Komabe uwaimbire, akondwa kwambiri, mwina akupatsanso pampu yawo ija samabwereka munthu.

Loweruka ubwere nayo njingayo tione chishalo, ndikuganiza kuti chili pansi kwambiri, n'kutheka ndi chimene chikukuvutitsa bondo. Tikapalase limodzi, ukhale kumbuyo kwanga uzolowere tayala. Koma ulembetse lero, msuweni, malo amatha. Ungamalize, wamva? Unditumizire chithunzi ukalembetsa.