Kodi niobium wa mu Inconel 718 wathawira kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mlongo wina amene akuchita masitazi ya zazitsulo. Funso lake mwachidule: akusungunula ndi leza ufa wa Inconel 718, chitsulo chosakaniza chimene mbali yake yaikulu ndi nickel, kompyuta ikumuuza kuti niobium, chimodzi mwa zitsulo zosakanizidwamo, adzaunjikana kwambiri pakati pa timaselo ta chitsulo, koma akayeza ndi EDS ya pa SEM, njira yoyezera kuchuluka kwa zitsulo pa maikulosikopu ya maelekitironi, sakupeza wochuluka chotero. Wolakwa ndani, kompyuta kapena maikulosikopu?

Achemwali, mwina onse awiri. Tiyambe ndi firizesi. Mukamayamwa, kutsekemera ndi mtundu zimatuluka msanga n'kutsala ayezi woyera, chifukwa madzi akamaundana amakankhira shuga kumadzi amene sanaume. Chitsulo chimachitanso chimodzimodzi. Mu 718 muli niobium pafupifupi 5 peresenti, ndipo gawo limene likuuma limangotenga pafupifupi theka la niobium amene ali m'chosungunuka choyandikana nalo. Wotsalayo amathamangitsidwira kumalo ouma pomaliza, kumene kumabadwa Laves phase, yolimba koma yosachedwa kusweka, imenenso imaba niobium wofunika polimbitsa chitsulocho.

Ndikuganiza kuti mwagwiritsa ntchito njira ya Scheil yowerengera mmene chitsulo chimaumira, mwina mu pulogalamu ya Thermo-Calc. Njira imeneyi ndi ya 1942, ndipo imaganiza kuti m'chouma maatomu sasuntha konse, m'chosungunuka amasakanikirana nthawi yomweyo, ndipo pamalire pa ziwirizi zonse zimagawidwa modekha. Pa chitsulo chothiridwa m'chikombole zimenezo sizili patali ndi zoona. Koma leza imathamanga pafupifupi mita imodzi pa sekondi, ndipo kadziwe kosungunukako kamazizira madigiri 100,000 mpaka miliyoni pa sekondi. Pa liwiro lotere malire aja amatha kuwapeza maatomu a niobium asanathawe n'kuwameza. Michael Aziz anafotokoza zimenezi mu 1982, ndipo akatswiri amati solute trapping. Choncho Scheil muzimuona ngati munthu wokokomeza: amakuuzani poipitsitsa pamene zinthu zingafike.

Musaiwalenso kuti kadziweko sikauma mofanana. Pansi pake malire amayenda pang'onopang'ono pomwe kutentha kukusiyana kwambiri pakamtunda kochepa. Kumchira, chakumtunda, amayenda mwaliwiro loyandikira la leza. Mukayika G imodzi (kusiyana kwa kutentha pakamtunda) ndi R imodzi (liwiro la malire) pa kadziwe konse, mwanamiza kompyuta musanayambe n'komwe.

Ndikudziwa kuti mtima wanu uli pa phase-field, njira yoonetsa pa kompyuta mmene malirewo akuyendera, chifukwa zithunzi zake n'zokongola. Chiyambire pamene Ryo Kobayashi anaonetsa ma dendrite (tinthambi ta chitsulo chikamauma) omera pa kompyuta mu 1993, aliyense amafuna zoterozo mu thesis yake. Msampha wake ndi uwu. Malire enieni a chouma ndi chosungunuka ndi opyapyala ngati nanomita imodzi (gawo limodzi mwa miliyoni la milimita), koma pofuna kuti ntchito ithe tisanakalambe timawakulitsa kakhumi kapena kuposa. Malire onenepawo amameza maatomu mwabodza, n'kuonetsa ngati kuunjikana kwachepa. Alain Karma anakonza vutoli mu 2001 ndi anti-trapping current, chowonjezera m'masamu chobweza maatomu omezedwawo. Koma mankhwala akewo amachotsa kumeza konse, kwabodza ndi kwenikweni komwe, pamene pa leza kwenikweniko tikukufuna. Ndiye kaya mukugwiritsa ntchito pulogalamu ya MOOSE ya ku Idaho National Laboratory, PRISMS-PF ya ku Michigan kapena MICRESS ya ku Aachen, chepetsani makulidwe a malirewo ndi theka, muyendetsenso. Yankho likasintha, chimene munali nachocho chinali chithunzi chabe. Ine ndinataya miyezi iwiri pa chifukwa chomwechi, mpaka lero manyazi sanathe.

Cellular automaton, njira inanso ya pa kompyuta ya Rappaz ndi Gandin ya 1993, isiyeni kaye. Imathandiza pa kukula ndi kolowera ma grain (timibulu ta chitsulo), osati funso lanuli.

Tsopano maikulosikopu, yomwe ndikuikayikira kwambiri. Timaselo ta chitsulo cha leza timakhala tosakwana maikuloni imodzi (gawo limodzi mwa 1,000 la milimita), ndipo makoma ake, momwe niobium wabisala, ndi opyapyala kuposa apo. EDS ya pa SEM imawerenga dera la pafupifupi maikuloni yathunthu, motero imaphatikiza khoma ndi pakati n'kukupatsani chiwerengero chosungunula. Pemphani nthawi pa TEM, maikulosikopu yoona tinthu tating'ono kuposa SEM, kapena atom probe, chida choyeza maatomu limodzi limodzi, ngati bajeti ilola. Ndipo funsani kulabu ngati chidutswacho chinalowa kale mung'anjo. Pa madigiri 980 Laves sasungunuka yense, koma mukafika 1100 n'kupitirira niobium amabalalika, ndiye kuti mukufananiza kompyuta ndi chitsulo chimene chasintha kale. Mundilembere mundiuze chidutswacho chinadulidwa pa msinkhu wanji.