Akulu a mpingo akaniza gulu la WhatsApp: yankho kwa mnyamata wa ku Dómuè

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mnyamata wina wa kufupi ndi Dómuè, kuno ku Angónia m'dziko la Mozambique, amene amatsogolera achinyamata pa mpingo wawo. Mkulu wake wogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize wamugulira foni yamakono. Iye akufuna kutsegula gulu la WhatsApp lofalitsira uthenga wabwino, koma akulu a mpingo amukaniza, ati foni ndi khomo la Satana. Akufunsa ngati angotsegula mobisa.

Achimwene, mobisa ayi. Limenelo ndayankhiratu kuti lichoke. Koma kalata yanu yandigunda pachilonda, ndiye mundipirire, ndilankhula motalika.

Mayi anga ali ndi Buku Lopatulika limene anabwera nalo kuchokera ku Dedza, komwe tinathawira nthawi ya nkhondo. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, koma ife sitinathamangire kubwerera, tinayamba tamvetsera kaye ngati m'njira munalibe mabomba okwirira. Bukulo chikuto chake chinatha kalekale, analikuta ndi kansalu ka chitenje, ndipo patsamba loyamba pali mayina a ana awo onse, amoyo ndi omwalira omwe. Kuwerenga anaphunzira ali mtsikana m'kalasi ya ubatizo, kusukulu ya boma sanapondeko. Tsopano ng'ala yawagwira m'maso onse awiri. Bukulo amangolifungatira popita ku tchalitchi, anzawo akamatsegula iwonso amatsegula, koma zilembo sazionanso.

Tinati adzukulu aziwawerengera madzulo. Apa ndi pamene panatulukira vuto limene anthu olankhula za utumiki wa pa foni ali kutali salidziwa. Ana athu kuno amaphunzira m'Chipwitikizi. Masukulu ena amaphunzitsa m'zilankhulo ziwiri, koma ana ambiri amene ndimawadziwa ine amalankhula Chichewa tsiku lonse, kuwerenga n'kumawerenga Chipwitikizi. Ndiye muwapatse Baibulo limene linatuluka mu 1922, lija anamasulira a William Murray ndi anzawo ku Nyasaland, la chilankhulo cha makolo, mwana amachita kupunthwa mzere uliwonse. Mayi n'kupsa mtima. "Iwe, ukuwerenga kapena ukutafuna chimanga chokazinga?" Mwana n'kuyamba kulira, mapemphero n'kuthera pomwepo.

Chimene chinatiombola si foni yamakono ngati yanuyo. Ndi kafoni kamabatani, ka bombinha, kotchipa, kokhala ndi polowetsa memori kadi. Ndili ku Ulónguè, tauni yathu ya kuno ku Angónia, komwe netiweki imakhala bwinoko, ndinakopera Chipangano Chatsopano chowerengedwa mokweza m'Chichewa, chija anajambula a bungwe la Faith Comes By Hearing, n'kupita nacho kwa mnyamata wa pamsika amene amaikira anthu nyimbo m'makadi. Anandiyang'ana modabwa, poti makasitomala ake amabwera kufuna nyimbo zovina ndi mafilimu a nkhondo. Anaika ndithu, n'kusunganso zake pa kompyuta. Masiku ano munthu akabwera kudzaikitsa nyimbo amamufunsa kuti, "Baibulo ndiikemonso?"

Mukafika kwa mayi masana nyengo yokolola, muwapeza pamkeka pakhonde, miyendo atawongola, lichero la nyemba lili pamiyendo. Kafoniko amakaika m'kapu yachitsulo yopanda kanthu kuti mawu azimveka kwambiri, nzeru imene anaitulukira okha. Batani loimitsira mdzukulu wawo analidontheza utoto wa m'zikhadabo kuti chala chizilipeza pongokhudza. Amayi oyandikana nawo amabwera ndi malichero awo. Pali wina wa Katolika amene anakulira pa mishoni ya Lifidzi, wina wa Ziyoni, ndi wina amene mwamuna wake ndi wa gule ndipo iye sanapondepo m'tchalitchi. Mawu akafika pa mkazi wa ku Samariya uja pachitsime, mayi amadina batani n'kufunsa, "Mwamva inu? Amuna asanu. Nanga Yesu anamuthamangitsa?" Mkangano umayambira pamenepo, manja akusankha nyemba, mpaka dzuwa kupendeka. Palibe amene anawauza kuti chimene akuchitacho ndi utumiki, ndipo ine sindiwauza, angayambe kuvala bulauzi yoyera n'kuwopseza alendo awo.

Ndiye mukandiuza za gulu la WhatsApp, ine ndifunsa kuti mukufuna kufikira yani? Gulu limafuna foni yamakono, mamega a intaneti, ndi maso odziwa kuwerenga. Amene ali ndi zitatu zonsezi kwanuko ndi aphunzitsi, anamwino, anyamata a njinga zamoto ndi inu a kwaya, anthu amene ambiri mumakhala nawo kale m'tchalitchi Lamlungu. Agogo aja, amayi aja amene foni ya pakhomo amayenda nayo ndi bambo, anyamata a ganyu m'minda ya mbatatesi ku Tsangano, onsewa gulu lanu siliwaona. Kwathu kuno uthenga umalowera kukhutu. Vesi lolembedwa pa chithunzi cha maluwa ndi la anthu owerengeka, ndipo nawonso amangolidutsa ndi chala osaliwerenga.

Ndiponso akulu anuwo sakunama kotheratu. Ine anandilowetsapo m'gulu lina osandifunsa, la dzina lokoma la mapemphero. Masiku oyamba munali mavesi. Kenako zithunzi za Bom dia, moni wa m'mawa wa Chipwitikizi, tambala asanalire, aliyense kutumiza chake. Kenako mauthenga aja akuti ukapanda kutumiza kwa anthu khumi tsoka likugwera. Kenako mavidiyo a aneneri a kutali, ovala masuti onyezimira, akugwetsa anthu pansi. Mapeto ake munalowa mneneri wina m'gulu momwemo, ndi nambala yake, kuti ofuna kumasulidwa abzale mbewu. Mayi wina wamasiye amene timapemphera naye anagulitsa mbatatesi yake yonse n'kutumiza ndalamazo pa foni kuti mwana wake wodwala khunyu achire. Ndalama zitangolowa, nambala ija inasiya kupezeka. Mwanayo ankafunika mankhwala a kuchipatala, ndipo mayiwo anachita kukongola ndalama yokwerera njinga yamoto kuti akafike naye kumeneko. Nkhani imeneyi imandiwawa mpaka lero, ndipo ndinena mosapsatira kuti munthu aliyense wopempha ndalama pa foni kuti akupempherereni ndi wakuba. Kaya ali ndi omutsatira angati pa Facebook, kaya amatchula dzina la agogo anu molondola, ndi wakuba basi. Simoni wamatsenga uja wa pa Machitidwe 8 anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamuyankha mawu owawa. Awa akuchita kuigulitsa, ndiye ndi oipa kuposa Simoni.

Choipa china chimalowa mwakachetechete. Anthu akazolowera alaliki a m'mavidiyo, a magetsi owala ndi zoimbira zodula, mkulu wa mpingo wa pamudzi amene amalalikira atavala jekete long'ambika pachigongono amayamba kuoneka ngati alibe mzimu. Achinyamata amayamba kunena kuti kwathu kuno n'kozizira, moto uli kwina. Koma maliro akagwa usiku, amene amafika ndi tochi ndi wa jekete yemweyo. Mneneri wa pa foni sanagonepo pa siwa ya munthu wa kwanu.

Komabe akuluwo sindiwasiya osawanena. Ati foni ndi khomo la Satana, chonsecho foniyo ili m'thumba mwawo. Maliro akachitika salembanso kakalata kotuma mwana pa njinga, amangoimba. Ana awo a ku Tete ndi ku Beira akatumiza ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, sindinamvepo mkulu akuzibweza kuti zadutsa pakhomo la Satana. Ndili mwana ankanenanso zomwezi za gitala m'tchalitchi, lero amavina nayo. Chimene akuopa kwenikweni, ndipo izi ndikukuuzani monga mkulu mnzawo, ndi anyamata ndi atsikana kulemberana usiku popanda wamkulu woona, komanso chiphunzitso kulowa mumpingo osadutsa mwa iwo. Mantha oyambawo ndi oona. Achiwiriwo theka ndi oona, theka ndi nsanje ya mpando.

Kumene kukayikirako kunachokera

Ngati mpingo wanu ndi wa Reformada ngati wanga, mbiri iyi muyenera kuidziwa. Amishoni a Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Mphatso kuno ku Angónia mu 1909, ndipo mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka ntchito yawo, chaka chomwecho chimene Baibulo lathunthu linatuluka. Kwa zaka zambirimbiri Akhristu a kuno anakhala opanda m'busa wawo. Akulu ndi amene ankasonkhanitsa anthu, ndipo ofuna ubatizo kapena mgonero ankayenda wapansi kuwoloka malire kupita ku mipingo ya kutsidyako. Lero tili ndi Sinodi ya Mphatso ndi sukulu ya ubusa ya Hefsiba ku Ulónguè, ndiye achinyamata amaona ngati zinthu zinali choncho kuyambira kale. Akulu amene mukulimbana nawowo ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anasunga mpingo pamene kunalibe wina wousunga. Anazolowera kuti chinthu chobwera amayamba achitembenuza kaye. Mukawadutsa kumbali, sadzakukhululukirani msanga, ndipo ine ndidzakhala mbali yawo.

Za netiweki ndi moto wa foni

Kampani ya mafoni ya Movitel itayamba ntchito mu 2012, nsanja zinafika m'midzi imene sitinkalota kuti kudzaimbidwa foni. Vodacom ndi Tmcel ziliponso, ndipo kufupi ndi malire a Calómuè kapena Biri-Biri anthu amayenda ndi makadi a simu awiri, la kuno ndi la ku Malawi la Airtel kapena TNM, n'kumasankha lomwe lagwira tsiku limenelo. Koma moto wa foni ndi nkhani ina. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechino, ku Songo, magetsi ake amayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 mpaka ku South Africa, pamene mayi anga amatuma mdzukulu kukatchajitsa pa kaokala ka sola, komwe mwini wake amamata kapepala ka dzina pa foni iliyonse kuti asasokoneze. Izi ndizisiye, ndingapse mtima. Chimene ndikufuna mumve n'chakuti foni yamakono ukamaonera mavidiyo batire silifika mawa, pamene ka bombinha kamatha masiku. Kumbukiraninso kumapeto kwa 2024, chisankho chitatha, pamene intaneti ya pa foni inkadulidwa, WhatsApp ndi Facebook n'kumavuta kutsegula. Magulu onse anangoti zii. Memori kadi sinadziwe n'komwe kuti kunja kwachitika kanthu.

Pali anthu amtundu umodzi amene gulu limawathandiza zenizeni, ndipo mkulu wanu wa ku Moatize ndi mmodzi mwa iwo. Mnyamata wa ku Angónia akapita ku mzinda wa Tete amapeza mapemphero a m'Chinyungwe ndi m'Chipwitikizi, amagwira ntchito ya usiku, Lamlungu ali mtulo, ndipo pakatha chaka sapitanso kulikonse. Wa ku Joni ndiye n'kosayamba. Anthu amenewa mukawajambulira nyimbo imene mwaimba Lamlungu, ndi mawu a mkulu wa kwawo akufotokoza vesi la tsikulo, akumva ngakhale tambala akulira kumbuyo, amamvera mpaka kumapeto ndipo amabwereza. Mnzanga wina woyendetsa thiraki pa msewu wa Beira anandiuza kuti ulaliki wa anthu otchuka amamvera kuti asagone pa chiwongolero, koma mawu a mkulu wa kwawo ndi amene anamuchititsa kuimbira mkazi wake atakhala miyezi osalankhulana. Ameneyu ndi mlaliki amene pa Facebook sakanapeza omutsatira ngakhale khumi.

Ndiye chitani chonchi, achimwene. Pitani kwa mkulu amene akukana kwambiriyo, kunyumba kwake osati pa msonkhano, muwamvetsere chaputala chimodzi cha Luka pa foni yanuyo, kenako muwapemphe kuti mawu oyamba kujambulidwa akhale awo. Gulu likaloledwa likhale laling'ono, la anthu a mpingo wanu ndi amene ali kutali, ndipo oyang'anira akhale inu, mkulu mmodzi ndi mayi mmodzi wa chigwirizano. Musalowetse nambala ya munthu osamufunsa. Nkhani za ndalama, mavidiyo a alaliki osawadziwa, zithunzi za odwala ndi za mitembo, zonsezi ayi. WhatsApp imalola kuti oyang'anira okha azitumiza, ndiye usiku muzitseka. Mawu ojambula asapitirire mphindi zitatu, mamega ndi ndalama. Amene sanaoneke Lamlungu muimbireni, musamufunse pagulu. Akakanabe za gululo lidikire, inu yambani ndi mamemori kadi ndi kutumizirana mawu pa Bluetooth, zimenezo sindikhulupirira kuti pali mkulu angaletse. Makadiwo mugule kwa munthu amene mungathe kubwererako, chifukwa achinyengo achuluka, kunja amalemba 8GB koma ukaika mabuku a uthenga wabwino anayi okha ladzadza kale.