Mtsikana wanu woona zam'tsogoloyo azilipira

Achemwali, mwati mpangankhani wamkulu m'buku lanu ndi mtsikana woona zam'tsogolo, koma pofika pakati nkhani yazizira chifukwa vuto lililonse akumalidziwiratu n'kulizemba. Mphamvuyo ilibe mlandu. Chalakwika n'chakuti mwamupatsa yaulere.

Yambani mwalemba malamulo ake papepala lapadera, limene owerenga sadzaliona. Amaona patali bwanji, za mawa zokha kapena za zaka zikubwerazo? Masomphenyawo amachita kuwaitana, kapena amangomugwera ali pakati pa anthu? Nanga chimene sangathe kuona n'chiyani? Funso lomalizali ndilo lidzakupatseni nkhani. Mwina amaona za wina aliyense kupatula za iye mwini. Mukaika malamulowo musadzawaswe pofuna kumupulumutsa m'mutu womaliza, owerenga amakhululuka zambiri koma chinyengo chotere ayi.

Kenako alipire. Agiriki akale pamenepa anali akatakwe. Cassandra, mwana wa mfumu Priam ya ku Troy, anapatsidwa mphatso yolosera ndi mulungu Apollo, koma atamukana chibwenzi, Apollo anamutemberera kuti pasapezeke womukhulupirira. Anachenjeza za hatchi yamatabwa ija, momwe munabisala asilikali a adani, anthu n'kuilowetsabe mumzinda. Zonse ankaziona bwinobwino, koma pakamwa pake panalibe ntchito.

Wanuyo tiyerekeze kuti akaona zam'tsogolo amatuluka magazi m'mphuno, ndipo kanthu kena ka m'mbuyo kamafufutika m'mutu mwake: lero dzina la mphunzitsi wake, tsiku lina mawu a malemu mayi ake. Ndiye mukhazikeni ndi mnzake wapamtima amene akumusimbira za ukwati wake mosangalala. Wamugwira dzanja, waona kuti mnzakeyo mwezi uno saumaliza. Akupukuta mphuno mobisa, kansalu akukakankhira m'thumba, uku akuseka nawo. Amuuze? Aonenso kachiwiri kuti adziwe chodzamupha, chonsecho akudziwa kuti aiwalanso china? Musatifotokozere kuti anamva chisoni, tionetseni kansaluko basi.

Za kumene mphamvuyo inachokera musatayirepo masamba ambiri, ndime imodzi ikwana, mwinanso osanena n'komwe. Olemba ambiri amathera pomwepo, owerenga atagona kale.

Muyesenso ichi: tengani mutu umodzi muulembenso mtsikanayo alibe mphamvu iliyonse. Akufuna chiyani, amaopa ndani, akapsa mtima amatani? Mukapeza kuti palibe cholemba, siyani kaye zamasomphenyazo mukonze munthuyo.