Kodi Chofunda cha Zigamba Chingasokedwe Popanda Thonje Pakati?

Mayi ena a ku Salima andilembera imelo kuti asonkhanitsa thumba lodzaza ndi zidutswa za zitenje zotsala kwa telala ndipo akufuna kusoka chofunda cha zigamba, koma thonje loyala pakati lija amati batting sakulipeza, komanso kwawoko n'kotentha. Akufunsa ngati chofunda chopanda thonje chingalimbe, kapena chidzangooneka ngati ntchito yosiyidwa panjira.

Mayi, sokani ndithu. Chofunda cha quilt chimene amasoka ku America ndi ku Britain chimakhala ndi zigamba pamwamba, nsalu yathunthu pansi, ndipo pakati pamakhala thonje, ubweya wa nkhosa kapena poliyesita. Chapakaticho chimasunga mpweya umene thupi latenthetsa kuti usathawe, ndipo n'chofunika kwa munthu wogona ku Dedza mu Juni kapena Julayi. Kwa inu okhala m'mbali mwa nyanja, chofunda choterocho mu Okutobala chidzangogona pansi pa bedi.

Kusoka popanda thonje si njira yachidule yongoyamba dzulo ayi. Ku Bengal, dera limene mbali ina ili ku Bangladesh ina ku India, amayi akhala akusoka zofunda za kantha kwa mibadwo yambiri posanjikiza masari akale (nsalu zazitali zimene amayi akumeneko amavala) ndi kuwalumikiza ndi msoko wamanja wongolowa ndi kutuluka, m'mizere yoyandikana kwambiri. Kale ulusi wake ankausolola m'mphepete mwa masari omwewo. Mphamvu ya chofunda chotere ili mu ulusi, osati m'kukhuthala kwake.

Vuto lenileni ndi lakuti thonje limabisa zambiri. Likakhalapo, misoko ya kuseri kwa zigamba imamira m'menemo, koma likachoka msoko uliwonse umamveka pakhungu, makamaka pamene ngodya zinayi zakumana, ndipo mtundu wakuda umaonekera kunsi ngati nsalu yapansi ili yoyera ndi yopyapyala. N'chifukwa chake ndikulangiza kuti mudule zigamba zikuluzikulu, za masentimita 15 mbali zonse, osati tizidutswa ta masentimita 5 timene timachulukitsa misoko. Siyani mamilimita 6 pamsoko uliwonse, musoke ndi msoko wamfupi kuti usamasuke, kenaka muutambasule ndi ayironi kuti ugone bwino musanalumikize mzere wotsatira. Kusita kumeneku n'kotopetsa, makamaka magetsi akamavuta, koma mukakudumpha chofundacho chidzakhala ndi timitumbira tosachoka.

Musanagwire sizasi, chapani nsalu zonse. Zitenje zatsopano zimakhala zouma ndi sitachi, zina zimatuluka mtundu, ndipo nsalu ya thonje imabwerera ikachapidwa koyamba. Ngati yapamwamba ibwerera yapansi osabwerera, chofunda chimakwinyika, ndipo pakati palibe chilichonse choti chibise makwinyawo.

Ine ndimakonda kuika nsalu imodzi yopyapyala pakati, kaya shiti lakale loyera kapena nsalu yofewa yotchedwa flannel yochapidwa kawiri chifukwa imabwerera kwambiri. Imabisa misoko ndi kupatsa chofunda kulemera pang'ono kuti chigone bwino pabedi, koma sichititsa thukuta.

Polumikiza nsaluzo, ziyaleni pamalo osalala, zigwirizeni ndi mapini kapena ulusi wongoyembekezera, ndipo muyambire pakati kupita m'mphepete kuti makwinya azikankhidwira kunja. Mizere ya msoko wolumikizawo italikirane masentimita 5 mpaka 8. Musadzivute ndi kujambula maluwa ndi singano, pakuti maluwa otere amaoneka bwino pamene pali thonje lotukumuka pakati pa misoko, ndipo pachitenje chamaangamaanga sangaoneke n'komwe. Mizere yowongoka ya ulusi wonenepa ndi yokwanira. M'mphepete, siyani nsalu yapansi yotsalira masentimita 3, muipinde kawiri kubwera pamwamba ndi kuisokerera.

Pa kulimba musade nkhawa. Chofunda cha thonje chikanyowa chimalemera moti kuchifinya ndi manja kumakoka ulusi, ndipo nthawi ya dzinja chimachedwa kuuma mpaka kuyamba fungo. Chopanda thonje chimachapika m'beseni wamba ndipo chimauma tsiku lomwelo. Muzichiyanika chotembenuza kapena pamthunzi kuti zitenje zisasuluke, ndipo mphepo ya mwera ikayamba kuomba mu Juni mudzangoika bulangete kunsi kwake.