Strcat safunsa ngati malo alipo

Mnyamata wina wa ku Namwera, amene akuphunzira C, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, wanditumizira imelo. Akuti analemba char *dera = "Mangochi"; kenako, pofuna kulumikiza mawu ena kumapeto, strcat(dera, " Boma"); pulogalamu n'kufa ndi uthenga woti segmentation fault. Atasintha kukhala char dera[] = "Mangochi"; inayenda bwinobwino pa laputopu yake, koma pa ya mnzake ikumafa. Akufunsa ngati kompyuta yamnzakeyo ili ndi vairasi.

Ayi achimwene, vairasi mulekeni. Mavuto anu ndi awiri osiyana.

Poyamba paja, mawu ali m'kati mwa " " aja kompaila (pulogalamu yomasulira zomwe mwalemba kuti makina amve) imawaika pamalo ongowerenga basi. Dera ndi chala cholozera pamenepo, si chidebe. Mukafuna kulembapo, makina amakukanizani pompo. Imeneyo ndi imfa yabwino, chifukwa mumadziwa pamene mwalakwa.

Chachiwirichi ndiye choopsa. Mawu oti Mangochi ali ndi zilembo 8, ndipo C imawonjezera '\0' kumapeto, chizindikiro choti apa tathera. Ndiye dera[] anapatsidwa mabayiti 9, osapitirira. " Boma" ndi zilembo 5 kuwerengera mpata uja, zonse pamodzi zifuna 14. Strcat safunsa. Amayenda mpaka apeze '\0', n'kuyamba kukhuthula. Zili ngati kuyanika usipa wa zidebe ziwiri pathandala lokwana chimodzi: wotsalawo umagwera pathandala la mnzako. Mnzako akakhala kulibe, zimadutsa. Pa laputopu yanu anali kulibe, basi. Pa ina, mabayiti 5 aja akupondereza chinthu chofunika. Musachiyese chibwana: kachilombo ka Morris ka mu 1988 kanalowa m'makompyuta ambiri kudzera pa khomo lotereli, ndipo gets(), amenenso safunsa ngati malo alipo, anachotsedweratu mu C11, malamulo a C a mu 2011.

Chitani chonchi. Mukadziwa kukula kwake, lembani char dera[32]. Kenako snprintf(dera, sizeof dera, "%s%s", a, b), pomwe a ndi b ndi mawu awiri olumikizawo. Iyeyu amaima malo akatha. Mukapanda kudziwa, pemphani malo ndi malloc(strlen(a) + strlen(b) + 1), muone ngati sanabweze NULL (kutanthauza kuti malo sanapezeke), ndipo mukatha muchite free kuti mubweze malowo. Ka +1 ako, ka malo a '\0', n'kamene kanandigoneka mochedwa ine usiku wina wotentha, magetsi atathima, batire likutha.

Strncat, m'bale wake wa strcat, ndimamukayikira. Nambala yomwe mumamupatsa ndi ya zilembo zoti akope, osati kukula kwa chidebe chonse, ndiye ambiri amagwa naye.

Pokompaila onjezerani -g -fsanitize=address pa kompaila ya gcc. Idzakulozerani mzere weniweni pamene usipa ukutayikira, ngakhale pa laputopu yanu yomwe ija. Mukayesa, mundilembere zomwe yanena.