Chifukwa chake madzi a mu diripi amakhala ndi mchere

Mayi wina wandilembera imelo yofunsa kuti: "Mwana wanga atagonekedwa m'chipatala chifukwa chotsegula m'mimba, ndinawerenga pa thumba la diripi kuti muli mchere. Ngati thupi lasowa madzi, bwanji osangomupatsa madzi okhaokha?"

Mayi, yankho lagona pa kakhungu kopyapyala kamene kamakuta selo lililonse la m'thupi (maselo ndi tizigawo ting'onoting'ono tamoyo timene timapanga thupi). Kakhunguka n'kokhuthala mananomita 7 kapena 8 okha, moti mungafunike kusanjikiza tikhungu totere toposa 10,000 kuti tifanane kukhuthala ndi pepala limodzi. Kamapangidwa ndi mizere iwiri ya mamolekyu a mafuta, ndipo mu 1972 S. J. Singer ndi Garth Nicolson anafotokoza kuti m'mafutamo mumayandama mapuloteni amene amakhala ngati zitseko.

Popeza mafuta sagwirizana ndi madzi, si chilichonse chimadutsa. Mpweya wa okosijeni ndi wa carbon dioxide umangolowa ndi kutuluka wokha, kuchoka kumene wachuluka kupita kumene wachepa. Koma sodiyamu (amene amapezeka mu mchere), potaziyamu ndi shuga wa glucose sizingaboole mafutawo, ndipo chilichonse chimadikira chitseko chakechake. Madzi nawo amadutsa mofulumira kudzera m'timabowo totchedwa aquaporin, timene Peter Agre anasonyeza ntchito yake mu 1992, ndipo mu 2003 analandira nato mphoto ya Nobel.

Madzi amalowera mbali imene kwachuluka zinthu zosungunuka, ndipo kayendedwe kameneka kamatchedwa osmosis. Mukaika dontho la magazi m'madzi opanda mchere n'kuyang'ana pa maikulosikopu, mumaona maselo ofiira, amene poyamba anali ophwatalala ndi kadzenje pakati, akufufuma mpaka kukhala obulungira, kenako akuphulika n'kusiya timatumba topanda kanthu. Mukawaika m'madzi amchere wambiri amafota n'kuchita makwinya. Ndiye chifukwa chake diripi yodziwika kwambiri imakhala ndi magalamu 9 a mchere pa lita imodzi, muyeso umene ukufanana ndi wa magazi, kuti maselo asafufume ndiponso asafote. Madzi okhaokha olowetsedwa mu mtsempha akanawononga magazi a mwana wanu.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti selo silingodikira kuti zinthu ziyende zokha. Mu 1957 Jens Skou wa ku Denmark, akufufuza mitsempha ya nkhanu, anapeza puloteni imene imapopa timagawo titatu ta sodiyamu kunja n'kulowetsa tiwiri ta potaziyamu, ndipo ulendo uliwonse imadya molekyu imodzi ya ATP, yomwe ndi mphamvu ya selo. Pampu imeneyi sipuma usana ndi usiku, ndipo imasiya sodiyamu wambiri kunja ali wofunitsitsa kubwerera mkati, ngati madzi otsekeredwa m'damu.

Maselo a m'matumbo amapindula ndi zimenezi. Ali ndi chitseko chimene chimalola sodiyamu kulowa pokhapokha atatengana ndi glucose, monga anafotokozera Robert Crane mu 1960, ndipo ziwirizi zikalowa madzi amatsatira. Chitsekochi chimagwirabe ntchito ngakhale pamene munthu akudwala kolera, n'chifukwa chake madzi akumwa a ORS amakhala ndi mchere ndi shuga pamodzi, ndipo apulumutsa miyoyo ya ana ambiri. Ndikupempheni chinthu chimodzi: mukamasungunula paketi ya ORS kunyumba, muzithira madzi okwana ndendende monga palembedwera. Mukachepetsa madzi, mchere ndi shuga zimachuluka m'matumbo kuposa m'maselo, ndipo osmosis yomweyo imayamba kukokera madzi kunja kwa thupi la mwana amene mukufuna kumuthandiza.