Funsani za Maulendo: Matauni Akale a ku Spain ndi Mawondo Ovuta

FUNSO: Bambo a tsamba la maulendo, ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndimakhala ku Matawale muno mu Zomba. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku Madrid ndipo wandiitana kuti ndikamuchezere mu July. Wapempha tchuthi cha masiku asanu kuti akandiyendetse. Ndalemba Toledo, Segovia, Ávila, Córdoba ndi Granada, tsiku lililonse tauni yake. Ávila sindingaisiye, dzina langa la ubatizo ndi Tereza. Koma mawondo amandivuta. Kodi zitheka? Nanga kopanda nsimako ndikadya chiyani?
Mayi Tereza, Matawale

YANKHO: Mayi, mndandanda wanuwo ufupikitseni. Córdoba ndi Granada zichotseni, zidikire ulendo wina wa mu April kapena October. Zili kummwera, ndipo mu July kutentha kwa ku Córdoba kumadutsa madigiri 40. Granada ndi maola oposa atatu pa sitima kuchokera ku Madrid, ndiye kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo mukangoonera minda ya maolivi pawindo. Komanso matikiti olowera ku Alhambra, nyumba ya mafumu akale a Chisilamu ya ku Granada, amatha kudakali masabata, amalembedwa dzina la munthu, ndipo pachipata amafuna pasipoti. Matauni atatu otsalawo ali pafupi ndi Madrid. Pakati pa ulendo ndi ulendo ikani tsiku lopumitsa miyendo, masiku asanu akwana bwinobwino.

Yambani ndi Toledo. Sitima imanyamukira pa siteshoni ya Atocha ndipo ulendo wake umangopitirira pang'ono theka la ola. Tikiti mugule kukadali masiku, chifukwa aliyense amakhala ndi mpando wake, zoimirira kulibe, ikadzaza yadzaza. Fikani msanga, zikwama amazidutsitsa m'makina ngati pa bwalo la ndege.

Munthu wa ku Zomba sangavutike kuimvetsa Toledo. Kunkakhala mafumu, koma mu 1561 mfumu Felipe II anasamutsira likulu ku Madrid, monga momwe lathu linapitira ku Lilongwe mu 1975, n'kutisiyira nyumba zakale ndi mbiri. Kusiyidwako n'kumene kunaipulumutsa tauniyi: amene ankafuna kugumula kuti amange zamakono anakachitira ku Madrid. Yakhala pamwamba pa chitunda, mtsinje wa Tajo utaizinga mbali zitatu, timisewu take topapatiza, toyalidwa miyala, tokwera ndi kutsika. Apa ndiye pamene mawondo anu angakuyimbeni mlandu. Musayerekeze kuyenda wapansi kuchokera pa siteshoni. Kwerani basi kapena takisi mpaka pa bwalo la Zocodover, lomwe lili pamwamba kale. Aliponso masitepe oyenda okha amene anawamanga m'mbali mwa chitundacho, aulere. Nsapato zikhale zafulati, za mphira pansi. Za kutchalitchi zija zikhale m'sutikesi.

Musalimbane n'kuona zonse. Ine ndingakusankhireni zitatu. Tchalitchi chachikulu, chomwe anayamba kuchimanga mu 1226, lowani mukhale pa benchi muyang'ane kumwamba, osathamanga. Lamulungu m'mawa ndi nthawi ya Misa, ongodzaona malo amalowa masana. Kenako katchalitchi ka Santo Tomé, komwe kuli chithunzi chachikulu chojambulidwa ndi El Greco, Mgiriki amene anakhazikika mu Toledo mpaka kumwalira kwake mu 1614. Chikusonyeza maliro a mkulu wina wa ku Orgaz, pansi olira atavala zakuda, pamwamba kumwamba kutatseguka. Chapafupi pali Santa María la Blanca, yomwe inali sunagoge wa Ayuda, yomangidwa mwa luso la Asilamu, kenako n'kusandutsidwa tchalitchi. Okuyendetsani alendo akakuuzani kuti zipembedzo zitatuzi zinkakhala mwamtendere. Zinachitikadi nthawi zina, koma monga mphunzitsi kumbukiraninso kuti mu 1492 Ayuda anathamangitsidwa m'dziko lonselo. Dzuwa likapendeka kwerani kasitima ka matayala konyamukira pafupi ndi Zocodover, kakakufikitsani kutsidya kwa mtsinje, pa Mirador del Valle, kumene tauni yonse imaoneka mutakhala pansi.

Segovia ndi yokomera mawondo. Sitima yake imanyamukira pa Chamartín, osati Atocha, ndipo imatenga pafupifupi theka la ola. Siteshoni ili kunja kwa tauni, koma basi imakutulani m'munsi mwenimweni mwa ngalande ya madzi imene Aroma anamanga zaka pafupifupi 1,900 zapitazo. Pamene yatalika kwambiri ndi mamita 28, miyala ikuluikulu yongosanjikizana, popanda simenti kapena dothi lomatira. Ine ndinaigwira ndi dzanja kufuna kutsimikiza, ndipo pakati pa mwala ndi mwala palibedi kanthu. Kuchoka apo msewu umakwera pang'onopang'ono mpaka ku bwalo lalikulu la Plaza Mayor ndi ku nyumba ya mafumu ya Alcázar. Nsanja ya Alcázar ili ndi masitepe opitirira 150, ozungulira. Imeneyo akwere mwana wanuyo, akakuonetseni zithunzi.

Ávila, kwa mbuyanu wa dzina, ndi ulendo wa pafupifupi ola ndi theka. Tereza Woyera anabadwira kumeneko mu 1515, ndipo pamalo pamene panali nyumba ya makolo ake panamangidwa tchalitchi ndi nyumba ya ansembe a Chikarimeli. Manda ake musakawafune konko, ali ku Alba de Tormes kumene anamwalirira mu 1582. Linga lozungulira tauniyi ndi lotalika makilomita awiri ndi theka. Kukwera pamwamba pake n'kwa achinyamata. Inu takisi ikakusiyeni pa Los Cuatro Postes, malo oonerapo a kunja kwa lingalo, mukaliona lonse. Tauniyi ili pamtunda wopitirira mamita 1,100, choncho madzulo kumazizirirapo ngakhale mu July. Kajuzi musakasiye.

Tsopano za kudya. Chovuta si chakudyacho koma nthawi yake. Nkhomaliro imayamba cha m'ma 2 koloko, mgonero cha m'ma 9 usiku, ndipo mu July nthawi imeneyo kunja kumakhala kukadawala. Mukafika pa lesitilanti 12 koloko mukapeza akusesa. Timasitolo tambiri timatseka kuyambira 2 mpaka 5. Tsatirani eni dziko: yendani m'mawa, idyani masana mokhuta, khalani pamthunzi, mutulukenso dzuwa litafooka. Funsani menú del día, chakudya cha tsikulo cha mtengo umodzi, mbale ziwiri, buledi, chakumwa ndi kotsekemera. Tortilla yawo ndi mazira okazinga pamodzi ndi mbatatesi, imakhala m'mimba ndithu. Ku Segovia amanyadira kamwana ka nkhumba kowotcha, cochinillo, kofewa moti amakadula ndi mbale, komanso nyemba zikuluzikulu zotchedwa judiones. Nkhumba amaiika m'zakudya zambiri, ngakhale mu nyemba zomwezo, ndiye amene sadya azifunsa kaye. Madzi a pampopi ndi abwino, ndipo mukapempha agua del grifo amakupatsani osalipiritsa. Nsima mukaphika kwa mwana wanu. Ufa wa chimanga woyera umapezeka m'masitolo a anthu ochokera ku Latin America ndi ku Africa mu Madrid.

FUNSO: Achimwene, ndikufuna kupita ku Spain ndekha. Ndiyambire pati?
Mnyamata wa ku Chinamwali

YANKHO: Yambirani viza ya Schengen, yolowera ku Spain ndi maiko ena ambiri a ku Ulaya, musanagule tikiti yosabweza ndalama. Munthu wamkulu amalipira mayuro 90, ndipo pamafunika inshulansi ya zaumoyo yotha kukulipirirani chithandizo chofika mayuro 30,000. Mutha kupempha kukadali miyezi isanu ndi umodzi. Mugulenso adaputa, chifukwa masoketi awo ndi a mabowo awiri ozungulira ndipo tchaja yanu ya mano atatu sikalowa. Galimoto zimayenda kumanja, choncho podutsa msewu muziyamba kuyang'ana kumanzere. M'sitima za pansi pa nthaka mu Madrid, foni ndi chikwama cha ndalama zikhale m'thumba lakutsogolo.